Razan Wakana Khofi

Uyu ndi Razan. Razan ndi mwana wamkazi wa achimwene anga. Ine ndine azakhali ake. Dzina langa ndi Nawal. Tonse timakhala nyumba imodzi mumzinda wa Amman.

Razan anali ndi khumbo limodzi lokha. Sankafuna chidole. Sankafuna nsapato zatsopano. Ankafuna kuti madzi asalowenso m'nyumba mwathu.

Nyumba yathu ili m'munsi mwa phiri. Ndi nyumba yomaliza. Kumtunda kwathu kuli nyumba. Kumtunda kwa nyumbayo kuli nyumba inanso. Nyumba, nyumba, nyumba, mpaka pamwamba penipeni. Pakati pa nyumbazo pali masitepe aatali. Masitepewo amathera pakhomo pathu.

Mvula ikagwa, masitepe amasanduka mtsinje. Mtsinjewo umatheranso pakhomo pathu.

Chaka chatha madzi analowa m'mawa. Analowa osaodira n'komwe. Ananyowetsa kapeti. Ananyowetsa matiresi. Ananyowetsa mabuku a Razan. Ufa wa m'thumba unasanduka phala. Ine ndinakalipa mpaka mawu anatha. Koma madzi alibe makutu.

Bambo ake a Razan anakolopa. Mayi ake anakolopa. Mchimwene wake wamkulu, Hazim, anakolopanso. Tinakolopa mpaka misana inauma.

Chaka chino mphepo yozizira itayamba, bambo ake anabwera ndi makatoni. Anawaika kuseri kwa chitseko.

"Ndatopa," anatero. "Madzi akalowanso, tisamuka."

Razan anaimirira.

"Ine sindisamuka," anatero.

"Usamuka."

"Sindisamuka, ababa. Ndinabadwira muno. Anzanga ali kuno. Sukulu yanga ili kuno. Asamuke ndi madziwo!"

Makani amenewa sanatole pamsewu ayi. Anatengera ine, ndipo ndimanyadira.

Tsiku lina Razan anandifunsa.

"Azakhali, kodi madzi amatida?"

"Satida, mwanawe. Angosowa kolowera."

"Bwanji?"

"Ndili wamng'ono ngati iwe, phirili linali la dothi. Kunali mikuyu. Kunali mitengo ya maolivi. Mvula ikagwa, dothi linkamwa. Linkamwa mpaka kukhuta. Madzi otsala ankatsika pang'onopang'ono. Ankapita kukhwawa."

"Khwawalo lili kuti?"

"Lili pansi pa msewu uwo. Analivindikira. Anangosiya kabowo kakang'ono. Kenako anthu anamanga nyumba. Aliyense anathira simenti pabwalo pake. Simenti samwa madzi, Razan. Ndipo paja madzi saiwala khwawa. Ife tinamanga panjira pawo."

Razan anangoluma chala n'kumaganiza.

Kwathu kuno madzi a m'mipopi amabwera kamodzi pa mlungu. Tsiku limenelo palibe amagona. Aliyense amachapa. Aliyense amakolopa. Aliyense amatsuka bwalo lake.

Tsiku la madzi litafika, Razan anakhala pamasitepe. Anayang'anitsitsa. Madzi a thovu ankatuluka pansi pa geti ili. Ankatuluka pansi pa geti ilo. Ankakumana pamasitepe. Ankatsika akuthamanga. Anafika mpaka pakhomo pathu.

"Azakhali, taonani!" anakuwa. "Mvula kulibe, koma madzi afika kale!"

Pambali pa masitepe panali kamkuyu kamodzi. Kanatsala kokha. Pansi pake panali dothi pang'ono. Madzi akafika pamenepo ankazimiririka.

Razan anatenga chidebe. Anathira madzi pasimenti. Madzi anathamanga. Anathira madzi padothi. Dothi linamwa. Anathiranso pasimenti. Madzi anathamanganso. Anathiranso padothi. Dothi linamwanso.

Kenako anakwera masitepe. Ankatsatira madzi aja. Anakwera, anakwera, anakwera. Madzi ambiri ankachokera kunyumba ya pamwamba penipeni. Inali nyumba ya Bambo a Sufyan. Bwalo lawo linali lalikulu kuposa onse. Lonse linali matailosi okhaokha. Panalibe ngakhale kaudzu kamodzi.

Razan anatsika akuthamanga.

"Ababa, ndadziwa chochita! Anthu achotse matailosi ena. Dothi limwe madzi. Tiyambire kwa Bambo a Sufyan."

Bambo ake anagwira pamutu.

"Iwe! Bwalo la mwini? Ndikayambe bwanji? Amenewo ndi manyazi."

"Ndiye ndipita ine."

"Supita."

"Ndipita, ababa."

Achimwene anandiyang'ana. Ankafuna kuti ndimuletse. Ine ndinatenga mpango wanga n'kuvala.

"Ndikumuperekeza," ndinatero. "Zoterezi sindifuna kumva kwa anthu."

Tinakwera masitepe. Razan anali patsogolo. Ine ndinali pambuyo ndi wefuwefu. Kumwamba kunali mitambo. Mvula inali pafupi.

Bambo a Sufyan ndi munthu wamkulu thupi. Ali ndi ndevu zambiri pamlomo. Amanyadira zinthu ziwiri. Amanyadira matailosi awo. Amanyadiranso khofi wawo.

"Fikani, fikani!" anatero. "Nyumba ino ndi yanu!"

Anatikhazika pabwalo pomwepo. Anabwera ndi khofi wotentha. Anandithirira m'kakapu kakang'ono. Ine ndinamwa.

"Amalume," anatero Razan, "inenso ndine mlendo."

Bambo a Sufyan anaseka.

"Kamwana aka kamamwa khofi? Chabwino. Mlendo ndi mlendo."

Anamuthirira. Razan analandira ndi dzanja lamanja. Anayang'ana kapuyo. Sanamwe. Anaiika pansi.

Ine ndinadziwa chimene wachita.

Kwathu kuno mlendo akaika kapu pansi osamwa, ndiye kuti ali ndi pempho. Samwa mpaka mwini nyumba atavomera. Khofi akazizira m'kapu ya mlendo, mwini nyumba amachita manyazi aakulu. Razan anaziona tsiku limene amuna anapita kukafunsira Hazim mkazi. Koma zimenezi amachita ndi akuluakulu a imvi. Mwana sachita zimenezi.

Bambo a Sufyan anaseka mpaka mimba inagwedezeka.

"Wabwera kudzafunsira mkazi, mwanawe? Wachedwa! Ana anga aakazi onse anakwatiwa!"

"Ndabwera ndi pempho, amalume."

"Nena, ndikumva."

"Madzi a pabwalo panu amalowa m'nyumba mwathu. Chotsani matailosi ena. Dothi limwe madzi."

Kuseka kunatha.

"Matailosi anga? Awawa? Amene ndimapukuta ndi manja angawa?"

"Omwewo, amalume."

"Mvula ndi ya Mulungu, mwanawe. Si yanga."

"Mvula ndi ya Mulungu. Koma matailosi ndi anu."

Ine ndinatsokomola kuti ndisaseke.

"Imwa kaye khofi," anatero Bambo a Sufyan. "Kenako tikambirana."

"Ayi, amalume. Tikambirane kaye."

"Mayi Nawal, tamulankhulani mwanayu!"

"Ine ndamwa wanga," ndinatero. "Uyo ndi wake."

Kapu inali pansi. Razan sanaikhudze. Khofi anazizira.

Bambo a Sufyan anataya khofi wozizirayo. Anathira wina wotentha. Razan analandira ndi dzanja lamanja. Anaikanso kapu pansi.

Bambo a Sufyan anabwera ndi makeke a uchi. Anawaika pafupi ndi Razan. Razan amakonda makeke a uchi kuposa chilichonse. Anawayang'ana. Anameza malovu. M'mimba mwake munalira. Koma manja ake anali pamaondo.

"Idya, mwanawe. Kamodzi kokha."

"Zikomo, amalume. Sindidya."

Mayi a Sufyan anasuzumira pakhomo la khitchini. Anaphimba pakamwa ndi dzanja.

"Lero mwakumana nazo, bambo," anatero.

"Inu bwererani kumapoto anu!"

"Mapoto adikira. Izi sizichitika kawiri."

Kapu inali pansi. Razan sanaikhudze. Khofi anaziziranso.

Pamasitepe athu nkhani imathamanga kuposa madzi. Amayi anatsegula mawindo. Abambo anadzaza pageti. Ana anakwera pampanda.

"Mlendo wakana khofi kwa Bambo a Sufyan!"

"Mlendo wake uti?"

"Kamwana ka kumunsi kaja!"

Wina anakuwa ali pageti.

"Bambo a Sufyan, kodi khofi wanu wasasa?"

Winanso anakuwa.

"Ndevu zonsezo mwalephera kamwana?"

Anthu anaseka. Bambo a Sufyan sanaseke. Nkhope yawo inafiira. Anaimirira. Anali aatali ngati chitseko.

"Zakwana!" anabangula. "Mwana wopanda mwambo! Tuluka pa..."

"Bambo!" anatero Mayi a Sufyan. "Mlendo sathamangitsidwa."



Ndinayang'ana Razan. M'maso mwake munalengeza misozi. Anali ndi mantha. Ine ndinamumvera chisoni kwambiri. Anali kamwana chabe pakati pa anthu onsewo.

"Razan," ndinanong'ona. "Wayesetsa. Tiye kwathu."

"Ayi, azakhali."

"Palibe akuseke."

"Ayi."

Anapukuta misozi ndi mkono. Anawongola msana. Kapu inali pansi.

Nthawi yomweyo bambo ake anafika. Anali atamva nkhani. Anakwera masitepe onse akuthamanga. Thukuta linali kamukamu.

"Pepani, Bambo a Sufyan. Pepani ndithu. Ndi mwana uyu, sadziwa kanthu." Kenako anatembenuka. "Razan! Imwa khofiyo tizipita!"

"Sindimwa, ababa."

"Ukundichititsa manyazi!"

"Ababa, ndikamwa ndiye kuti tasamuka."

Bambo a Sufyan anatsegula maso.

"Kusamuka? Akusamuka ndani?"

Achimwene anayang'ana pansi. Anali asanauze munthu aliyense.

"Ife, amalume," anatero Razan. "Madzi akalowanso, tisamuka. Makatoni ali kale kuseri kwa chitseko."

Bambo a Sufyan anakhala pansi pang'onopang'ono. Iwo ndi achimwene anakulira limodzi. Ankathyola nkhuyu limodzi paphiri lomweli.

"Bambo a Hazim, kodi ndi zoona?"

"Ndi zoona."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Ndinachita manyazi. Bwalo ndi lanu."

"Manyazi? Mumafuna ndidzangoona galimoto itanyamula katundu? Inu ndinu munthu wotani?"



Bambo a Sufyan anayang'ana matailosi awo. Ankanyezimira. Anawasisita ndi phazi. Anayang'ana Razan. Anayang'ana kapu. Kenako anausa moyo.

Anataya khofi wozizira uja. Anathira wina wotentha. Anamupatsa Razan.

"Imwa khofi wako, mwanawe. Chimene wabwerera, wapatsidwa."

Razan anagwira kapu. Koma sanamwebe.

"Muchotsa ambiri, amalume?"

"Ambiri."

"Osati awiri okha a pakona?"

"Ndati ambiri! Imwa, ndisanasinthe maganizo!"

Razan anamwa. Nkhope yake inakwinyika. Maso anatsinzina. Lilime linatuluka.

"Iii! Kuwawa! Ndi zimenezi mumanyadirazi?"

Anthu onse anafa nalo phwete. Achimwene anaseka. Mayi a Sufyan anaseka mpaka anakhala pansi. Razan anagwira keke ya uchi ndi manja awiri.

Bambo a Sufyan anatembenukira kugeti.

"Inu mukuseka chiyani? Mabwalo anu ndi a dothi? Onse ndi a simenti! Mawa ndibwera kwa aliyense. Ndipo khofi wanu sindimwa!"

Kuseka kunachepa. Ena anayamba kukanda kumutu.

M'mawa mwake phiri lonse linadzuka ndi phokoso. Gwa! Gwa! Gwa! Nyundo kuno, nyundo uko. Bambo a Sufyan anayamba ndi iwo. Anachotsa tailosi loyamba atatsinzina. Lachiwiri anachotsa akuyang'ana.

Pansi pake panali dothi. Linali louma ndi lotuwa. Razan anathirapo madzi. Dothi linamwa. Kunamveka fungo labwino.

Si onse anavomera msanga. Ena ananyinyirika. Ena anabisala m'nyumba. Koma Bambo a Sufyan ankagogoda. Ankakhala pansi. Ankaika kapu pansi. Ndipo ndani angalole khofi azizire m'kapu ya Bambo a Sufyan?

Anthu anadzala mandimu. Anadzala maolivi. Anadzala maluwa. Mapaipi a madzi a padenga anawalozetsa padothi. Hazim ndi anzake anachotsa zinyalala pakabowo ka khwawa. Razan ankakwera ndi kutsika ndi chidebe chake. Ankathirira mitengo yonse.

Tsopano Bambo a Sufyan anapeza chonyadira china.

"Dothi langa ndi lalikulu kuposa lanu nonse!" ankatero.

Kenako mvula inabwera. Inabwera masana. Kumwamba kunada bii. Bingu linagunda. Madontho anayamba kumenya pawindo.

Mayi ake a Razan anakweza ufa patebulo. Bambo ake anagwira chokolopera. Hazim anagwira chidebe. Ine ndinakonzeka kukalipa.

Razan anatsegula chitseko.

"Tseka chitseko!" anatero bambo ake.

"Ayi, ababa. Ndikufuna ndiwaone."

Anaima pakhomo. Anaika manja m'chiuno. Anayang'ana masitepe.

Sindinama, madzi anabwera. Koma sanabwere ngati mtsinje. Anabwera ochepa. Anabwera otopa. Anatsika pang'onopang'ono.

Anafika pafupi ndi khomo. Tonse tinagwira mpweya.

"Muno ayi!" anatero Razan.

Madzi anakhudza m'munsi mwa khomo. Anakwera pang'ono. Anaima. Kenako anakhota n'kupita kukabowo ka khwawa.

Mvula inagwa. Inagwa, inagwa, inagwa. Razan sanachoke pakhomo. Mvula inayamba kuchepa. Kenako inakata.

Bambo ake anawerama. Anagwira pansi ndi dzanja. Panali pouma. Anagwira pafupi ndi khomo. Panali pouma. Anagwira kapeti. Inali youma.

Anaika chokolopera pambali. Anakhala pansi. Misozi inayamba kutsika m'masaya mwawo.

"Razan," anatero. "Bwera kuno, mama."

Razan anabwera. Bambo ake anamukumbatira mwamphamvu.

"Sitisamuka," anatero bambo ake.

"Ndinakuuzani, ababa."

Mayi ake anabwera ndi msuzi wa mphodza. Anabweranso ndi buledi wotentha. Tonse tinakhala pansi mozungulira. Bambo ake ankalirabe pang'ono.

Razan anawapatsa buledi.

"Idyani, ababa," anatero. "Ndipo musalire kwambiri. Munyowetsa kapeti."